Ng'anjo Ndinathamangitsa Ndine, Ntchito Inathera a Domingo

Abale anga, m'manjamo sungani kaye. Mumve zimene ndinachita, kenako muone nokha ngati n'zoti munthu angaombere.

Dzina langa ndine Yotamu, kwathu ndi kwa Katunga. Lero ndakwanitsa miyezi khumi ndi inayi ndisanalawe kachasu, ndiye atsogoleri a gulu lathuli anati ndiime ndilankhule. Ambiri mukaima pano mumati mowa unakuchotsetsani ntchito. Kwa ine mowa unabwera pambuyo. Chinayamba ndi bodza, ndipo bodzalo linadya dzina la munthu wina, a Domingo, bambo wa ku Chiromo amene anayang'anira boyila zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri popanda wowaloza chala. Nkhani yanga ndi ya dzina limenelo.

Mukudziwa kuti molasesi akamawira m'mathanki a pa fakitale ya shuga amatulutsa mpweya woipa, wa kaboni, womwewu timapumira kunjawu. Zaka zonse unkangopita m'mwamba. Ndiye kunabwera kabungwe kena ka akatswiri, akuti mpweyawo tisamautaye. Anamanga shedi kuseri kwa fakitale n'kuikamo makina oyesera. Ine ndi dipuloma yanga ya zamagetsi ndinalembedwa kuti ndiziwayendetsa.

Ndiwafotokoze pang'ono makinawa, chifukwa mukapanda kuwamva simumva tchimo langa. Mtima wake ndi timbale tadothi lapadera, topyapyala ngati chikhadabo, tosanjikizana m'kati mwa ng'anjo yamagetsi. Ng'anjoyo imatentha mpaka madigiri mazana asanu ndi atatu. Ikafika pamenepo mumalowetsa mpweya wa m'mathanki uja pamodzi ndi nthunzi ya madzi, n'kupatsa timbaleto magetsi. Magetsi amazula okosijeni mu nthunzi ndi mu mpweyawo, n'kumudutsitsa m'dothimo kupita mbali ina. Chotsala ndi mpweya woyaka, wosakanikirana haidrojeni ndi kaboni monokisaidi, umene akatswiri amautcha singasi. Singasi ameneyu ndi amene ena amapangira mafuta a galimoto. Tangoganizani, mpweya wotayidwa ndi madzi a mu Shire kusanduka mafuta. Ine ndinkayenda pa Nchalo ngati nzeruyo ndinaitulukira ndine.

Lamulo lalikulu linali limodzi: dothi silifuna kudzidzimutsidwa. Potenthetsa, digiri imodzi pa mphindi, basi. Kuchoka pozizira kufika pamwamba pamafunika maola oposa khumi ndi awiri. A injiniya athu, mayi wa ku Blantyre wosakonda kubwereza mawu, analemba lamulolo pachitseko ndi inki yofiira. Timbale timeneti simungatipeze pa Dyeratu. Timachokera kutsidya kwa nyanja, ndipo tikasweka mudikira mpaka tsitsi kuyera.

Nthunzi inkachokera kwa a Domingo, pa kaboyila kathu kuseri kwa khoma. Makolo awo anawoloka kuchokera ku Mozambiki, ndipo Chimang'anja chawo chinali chothira Chisena. Sukulu analekeza panjira, dzina ankasaina pang'onopang'ono lilime lili panja, koma boyila ankaimva ndi khutu. Masana dzuwa likafika pa liwombo ankakhala pansi pa mtengo wa nimu atatsinzina. Ife tinkawanyogodola kuti madala agona. Iwo ankayankha osatsegula maso, "Nkhabe, ndikumvera mwana wanga mmene akupumira."

Chinali chaka chija magetsi ankazimazima, madzi atawononga ku Kapichira. Mu Okutobala tinauzidwa kuti kukubwera alendo, eni ndalama za ntchitoyo ndi akuluakulu ena, kudzaona singasi akuyaka. Kutatsala masiku awiri magetsi anathima. Ng'anjo inazizira yokha bwinobwino monga inapangidwira, koma magetsiwo anabwera m'mawa wa tsiku lenilenilo, sikisi koloko. Alendo afika thu koloko masana. Werengani nokha maolawo.

A injiniya anali ku Blantyre kukatenga alendowo. Anandiimbira foni.

"A Yotamu, magetsi abwera nthawi yanji?"

"Sikisi, mayi."

"Ndiye lero sizitheka. Yambani kutenthetsa mwa lamulo. Alendo tiwaonetsa makina ndi zithunzi, moto adzauona ulendo wina."

"Chabwino, mayi."

Ndinati chabwino ndi pakamwa. Nditatuluka panja ndinapeza tenti yaima, mbuzi ziwiri zasendedwa kale, oimba ulimba akukonza zipangizo zawo, amayi akuwaza madzi pabwalo kuti fumbi ligone. Pa pepala la mwambo panalembedwa kuti woyatsa moto ndine. Ndinali nditauza kale anthu akwathu kwa Katunga, ena anabwera pa njinga atavala za ku tchalitchi. Inu mukudziwa mmene tinaleredwera kuno. Mlendo ndi mame, amatero akulu, ndipo kumubweza osaona chimene wadzera ndi manyazi a mudzi wonse. Timapha nkhuku yomaliza, ana n'kugona ndi therere, bola mlendo akanene zabwino kwawo. Manyazi amenewo anandigwira, ndipo pansi pake panabisala matama anga. Ndinaiwala kuti dothi silidziwa mlendo.

Ndinabwerera m'shedi n'kusintha nambala. M'malo mwa digiri imodzi ndinaika zinayi. Panali kompyuta yolemba zonse zochitika m'ng'anjo, imene inazima pamodzi ndi magetsi. Sindinaiyatse. Musati ndinaiwala. Chala changa chinafika pa batani n'kubwerera.

Cha m'ma naini a Domingo analowa kudzafunsa nthawi yotsegulira nthunzi. Anaima pa geji, kuyang'ana manambala akuthamanga.

"A Yotamu, moto uwu ukukwera ngati wakuba pa mpanda. Akazi anga amaumba miphika. Mphika sauwotcha ndi liwiro."

"Madala, inu kayang'aneni boyila yanu. Kuno n'kwa anthu a sukulu."

Anandiyang'ana pang'ono. "Pyadidi," anatero, ndiye kuti chabwino m'Chisena chawo, n'kutuluka.

Sipanathe theka la ola. Ndinamva kaphokoso kakang'ono m'ng'anjo, ngati tambula yagalasi yothiridwa tiyi wotentha. Kenako kena. Singano ya pa geji inagwa. Ndinadziwa pompo kuti timbale tasweka, ndipo nthunzi ya a Domingo inali isanatsegulidwe n'komwe. Ndinazimitsa zonse, n'kubwezera nambala ija pa digiri imodzi.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero ndi ichi. Alendo anafika, a injiniya anawauza kuti magetsi anavuta, iwo anagwedeza mitu, anajambula makina, anadya mbuzi, anaombera m'manja oimba ulimba, n'kukwera galimoto zawo. Palibe ndi mmodzi yemwe anadandaula za moto. Wina anangofunsa kumene angagule milamba yowamba. Ndinaswa timbale tonse chifukwa cha anthu amene maganizo awo anali pa nsomba.

Opanga timbale atationa pa zithunzi anati tinadzidzimutsidwa. Mwina ng'anjo inatenthetsedwa mothamanga, mwina dontho la madzi linalowa ndi nthunzi n'kugwera pa dothi lotentha. Njira ziwiri, anthu awiri. Anatiitana tonse mu ofesi. A injiniya anayamba ndi ine.

"Munatenthetsa bwanji?"

"Mwa lamulo, mayi. Koma a Domingo atatsegula nthunzi ndinamva kugunda mu paipi. Inabwera yonyowa."

A Domingo anadzuka pa mpando. "Nkhabe. Nthunzi ndinali ndisanatsegule. A Yotamu, nenani bwino."

Ine ndinayang'ana pansi n'kuwonjezera chimene chinawamaliza. Ndinati aliyense amadziwa kuti madala amagona pansi pa nimu. Anzathu ena atafunsidwa anavomera kuti amawaonadi atatsinzina. Mawu a munthu wa dipuloma ndi mawu a munthu wosaina lilime lili panja, mukuganiza kuti anamvera ati? Kalata yawo inalembedwa kuti anagona pa ntchito ndipo anawononga katundu. Munthu wa boyila akapita kukafunsira ntchito kwina amayamba amufunsa kalata ya kumene akuchokera. Ndi kalata imeneyo palibe fakitale ingamupatse ngakhale ketulo. Nkhuyu zodya mwana zinapota akulu.

Kutsetsereka kwanga sindikuchedwa nako, nonse mukuidziwa njirayo. Makina anaphimbidwa ndi lona kudikira timbale tatsopano. Ntchito yanga inasanduka kupukuta fumbi ndi kuyang'ana khoma limene kuseri kwake kunali boyila yozizira. Ndinayamba ndi kabotolo kamodzi poweruka, kuti mutu uleke kulankhula. Kenaka kamodzi popita. Kenaka kena m'thumba la ovolosi. Ndikaledzera ndinkalalata pa msika kuti olakwa ndi a magetsi, olakwa ndi azungu otigulitsa dothi, olakwa ndi anthu akwathu amene anandichitira nsanje. Aliyense anali wolakwa kupatula Yotamu. Tsiku lina a injiniya anandipeza teni koloko m'mawa ndili gada pansi pa nimu yomwe ija, malovu ali chuchuchu. Ine ndiye ndinagonadi. Anandichotsa tsiku lomwelo.

Akazi anga, a Esinati, anapirira miyezi isanu ndi itatu. Ankhoswe anabwera kawiri, ine kulonjeza kawiri. Ndinagulitsa mita yanga yoyezera magetsi, ndinagulitsa mapulayala, ndinagulitsa njinga. Ndinadzukapo mu ngalande ya m'munda wa nzimbe, ana a sukulu akudutsa, mwana wanga wamkazi ali pakati pawo, akuyang'ana kumbali ngati sakundidziwa. Tinkakhala kwawo kwa a Esinati, ine mkamwini, ndiye tsiku lina ndinangopeza zovala zanga zili m'thumba la feteleza pakhonde. Sanakalipe. Anangoti, "Bambo a Tadala, chimene chikukudyani simukunena. Kachiuzeni kachasu, poti ndiye mkazi wanu."

Tsopano ndifike pa tsiku limene ndikufuna mulimve bwino.

Amalume anga anamwalira ku Makhanga, kutsidya. Maliro a malume sungathawe ngakhale uli chidakwa. Ndinakwera lole mpaka pa Bangula, n'kutsikira pa doko la Mtayamoyo, paja pamene madzi anadula msewu ndi njanji, pamene anthu amawoloka pa bwato. Inali cha m'ma leveni, dzuwa likuswa mtengo, mutu wanga ukulira ndi matsire. Ndinalowa m'bwato loyamba limene ndinaliona, osayang'ana mwini wake. Munali amayi awiri ndi madengu a tomato, bambo wina ndi njinga, ndi ine. Titachoka pa gombe ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Khalani pakati, a Yotamu. Mwadiya uyu safuna munthu wopendama."

Ndinatembenuka. A Domingo, nkhafi ili m'manja. Anali ataonda, malaya ong'ambika pa phewa, zikhatho zotuluka zikang'a. Munthu amene ankayendetsa boyila ndi khutu anali akupalasa anthu ndi tomato wawo. Ndinayang'ana madzi mbali iyi, ndinayang'ana mbali iyo. Kothawira kunalibe, ndipo mukudziwa zimene zimakhala m'madzi amenewo.

Anangopalasa. Nkhafi kulowa, nkhafi kutuluka. Ndinkayembekeza kuti andiyalutsa pamaso pa amayi aja, ndipo pena ndinkafuna atero, andilalatire, nanenso ndipeze chokwiyira. Titafika pakati, pamene madzi amakoka, anafunsa mofatsa ngati akufunsa za mvula.

"Mwana wanga uja alipo? Akumuthira mafuta mu pampu?"

Ankafunsa za boyila. Ndinati sindikudziwa, nanenso anandichotsa.

"Ndinamva," anatero. "Akuti munagona pansi pa nimu."

Amayi aja anaseka, osadziwa chimene akuseka. Ine ndinati, "Madala, moyo ndi wovuta." Tamvani mawu opusa amene ndinasankha. Moyo ndi wovuta, kuuza munthu amene moyo wake ndinauvutitsa ndine.

Anapalasa kawiri katatu. Ndiye anatsitsa mawu kuti ndimve ndekha.

"Ndinapita mafakitale atatu ndi kalata ija. Onse amawerenga n'kundibwezera ndi manja awiri, mwaulemu. Zimenezo ndinazolowera. Ntchito ya mwadiya ndi ntchito, ana akudya. Koma akazi anga, a Joana, akudwala chifuwa, sadzukanso pa mphasa. Tsiku lina anandifunsa, bambo, munagonadi? Ndinati nkhabe. Anangoti chete. Zaka makumi atatu ndakhala nawo, sanandifunsepo kawiri chinthu chimodzi. Ichi andifunsa katatu."

Bwato linagunda mchenga. Anthu anatsika, ine ndinatsala ndikupapasa m'thumba kufuna yolipira. Iwo anakankha dzanja langa.

"Sungani. Ine sindifuna kanthu kanu, a Yotamu. Inu mukudziwa nambala imene munaika, ine ndikuidziwa, Mulungu akuidziwa. Atatu takwana. Koma a Joana sakuidziwa."

Anatembenuza bwato n'kubwerera kukatenga ena. Ine ndinaima pa mchenga wotenthawo mpaka mapazi kupsa m'masilipasi. Ku maliro anthu ankati taonani Yotamu mmene akuwalirira amalume ake. Sindinkalira amalume. Kachasu wa pa maliro anadutsa pamaso panga katatu, ndipo kwa nthawi yoyamba m'chaka ndi theka sindinatambasule dzanja.

Mwina mukuganiza kuti m'mawa mwake ndinathamangira kwa a injiniya. Ndikanakonda ndikanakuuzani choncho. Apa ndi pamene ndinapusanso kachiwiri, ndipo kupusa kumeneku ndi kumene ambiri muli nako pano, chifukwa kumaoneka ngati nzeru. Ndinadziuza kuti chidakwa palibe angachikhulupirire. Ndisiye kaye mowa, nkhope ibwerere, ndipeze malaya abwino, ndiye ndikaulule ngati munthu. Ndinkafuna kukavomera tchimo nditatchena. Matama omwe aja, angosintha malaya.

Zimene ndinachita zinali zabwino, sindikukana. Ndinabwera pa gulu lino Loweruka lotsatira, ena mukukumbuka mmene ndinkanjenjemerera, kapu ya madzi osatha kuigwira. Ndinasiya kudutsa njira ya kuseri kwa msika, ndinkazungulira ku mpira ngakhale n'kutali. Anzanga a botolo ndinawauza maso ndi maso kuti asandiitanenso, ena anatukwana, zinathera pomwepo. Ndinapempha bambo wina wokonza mapampu a sola m'minda ya m'mbali mwa Shire kuti ndizimunyamulira zida, kuti manja akhale ndi chogwira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ndinagwa kamodzi, pa ukwati wa msuweni wanga, ndinabwera kudzanena pano, tinayambiranso kuwerenga. Zonsezi zinatenga miyezi inayi, ndipo miyezi inayi yonseyo a Joana anali pa mphasa ndi funso lawo.

Amene anandidzutsa ndi a Esinati. Ndinapita kwawo masana, ndinakhala pakhonde ngati mlendo, n'kuwafotokozera zonse, za nambala, za kompyuta, za bwato. Anamvetsera akusankha nyemba. Nditamaliza anaika lichero pansi.

"Ndiye mwawauza a injiniya?"

"Ndikudikira ndikhale bwino kaye."

"Mukhale bwino inu? Wodwala ndi ndani, inu kapena mayi uja? Miyezi inayi mukudzisisita nokha. Nyamukani, mukanene lero. Malaya omwewo."

Ndinapita. A injiniya ndinawapeza m'shedi muja, lona atachotsa, akuyeza mapaipi, chifukwa timbale tatsopano tinali titatsala pang'ono kufika. Ndinaima pakhomo n'kunena zonse popanda kukometsera. Ndinaika zinayi. Kompyuta ndinaisiya dala. Nthunzi inali isanatsegulidwe. A Domingo anandichenjeza, ine n'kuwanyoza. Mayi aja anaponya sipanala pa tebulo.

"Mukudziwa zimene mwatichititsa? Chaka chonse takhala tikusintha mapaipi a nthunzi, kuika zotchingira madzi, kulemba malipoti a vuto limene kulibe. Ndipo ine ndinasaina kalata ya bambo aja ndi dzanja langa ili. Ndinawayang'ana m'maso n'kusankha kukhulupirira inu."

Ndinati ndalakwa, mayi.

"Kulakwa kwanu sikundithandiza. Khalani apo mulembe zonse, musaine."

Ndinalemba masamba atatu. Ndinkaganiza kuti mawa lake kalata ya a Domingo ituluka. Abale anga, bodza langa linatenga mphindi ziwiri mu ofesi, koma kulifafaniza kunatenga masabata asanu ndi awiri. Pepala lipite ku Blantyre, komiti ikhale, wosaina wina ali ku msonkhano, wina ali pa tchuthi, chidindo chili mu kabati yokiya. Ndinkapita pa geti Lolemba lililonse mpaka alonda anayamba kundiseka. Ndinkapsa mtima, koma ndikwiyire ndani? Dzenjelo ndinakumba ndine. Ndipo chimene sindinachiganize n'komwe ndi chakuti ndikanatha kukwera lole tsiku lomwe lija, kupita ku Chiromo, kugwada pafupi ndi mphasa ya a Joana n'kuwauza ndi pakamwa panga. Sizinkafuna chidindo zimenezo. Koma ine ndinkafuna kufika ndi envulopu m'manja, kuti ndioneke wobweretsa zabwino.

Kalata inatuluka Lachinayi. Inanena kuti a Domingo sanalakwe kanthu, kuti kalata yoyamba yafafanizidwa, kuti anagwira ntchito yawo mokhulupirika, ndipo ngati akufuna abwerere pa boyila yawo. A injiniya anafuna kuitumiza pa galimoto ya kabungwe. Ndinawapempha kuti ndikapereke ndekha.

Ndinafika pa Mtayamoyo Lachisanu m'mawa. A Domingo anali atakhala pa mphuno ya bwato lawo akukapa madzi ndi chigubu chodula. Anali atameta mpala. Ndinaona mutuwo, koma nzeru zanga zinali pa envulopu. Ndinagwada pa mchenga n'kuwapatsa ndi manja awiri. Anaitembenuza uku ndi uku, n'kundibwezera.

"Ndi Chingerezi ichi. Werengani inu, mumasulire. Mokweza. Anthu a pa doko pano onse amanditcha Wogona."

Ndinaimirira. Opalasa anzawo anasiya mabwato, amayi a nsomba anayandikira, a kabaza anazimitsa njinga zawo. Ndinawerenga mzere ndi mzere ndikumasulira. Kalatayo sinatchule dzina langa, ndiye nditamaliza ndinawonjezera ndekha. Ndinati amene anaswa makina ndine, amene ananama ndine, bambo awa anandichenjeza ine n'kuwauza kuti kuno n'kwa anthu a sukulu. Mayi wina analavula pansi. Bambo wina anati munthu ngati ameneyu ndi wongomuponya m'madzi. Sindinamutsutse.

A Domingo anati, "Bwerezani paja pali dzina langa."

Ndinabwereza. Anatsinzina monga ankachitira pansi pa nimu, kumvetsera. Kenaka anatenga kalatayo, kuipinda bwinobwino, kuikulunga mu jumbo kuti isanyowe, n'kuiika m'thumba la pamtima.

"Takhuta," anatero, kuthokoza m'Chisena. "Kalata yabwino. Ku boyila ndibwerera, mwana uja wakhala yekha nthawi yaitali."

Mtima wanga unayamba kutsika. Ndinati tsopano tiyeni kunyumba, madala, ndikawawerengerenso mayi, ndikawapepese ndi pakamwa panga.

Anandiyang'ana, n'kudzisisita pa mutu wometa uja.

"Tinaika Lachiwiri la sabata yatha, a Yotamu. Anandifunsanso kachinayi, kutatsala masiku awiri. Ndinati nkhabe. Anandigwira dzanja, koma sanayankhe."

A Domingo anatenga nkhafi yawo n'kuitana okwera, chifukwa anthu anali akudikira kuwoloka.

Lero a Domingo ali pa boyila yawo. Timbale tatsopano tinafika, ndipo ndamva kuti singasi anayaka, moto wabuluu, popanda tenti, popanda mbuzi. Ine sindinauone. Sanandiitanenso, ndipo sindikuwadandaula. Ndimakonza mapampu a sola m'minda, a Esinati anandilola kubwerera pakhomo, mwana wanga amandipatsa moni pamsewu. Mukafuna kutcha zimenezi kuchira, tchani. Koma ndikakumana ndi a Domingo pa msika amandipatsa moni mwaulemu, n'kupitirira, ndipo ine ndilibe mphamvu yowapempha choposa pamenepo.

Ndiye ndikufunseni inu mwakhala apa. Ena mwa inu simumwa chifukwa chokonda kukoma kwa kachasu, palibe amene amakonda kukoma kwa chinthu chimenecho. Mumamwa chifukwa pali munthu kwinakwake amene akusenza katundu wanu, ndipo dzina lake mukulidziwa. Mukuti mudzapita mukasiya mowa, mukapeza ntchito, mukagula malaya. Musadikire kuyera. Pitani ndi fungo lomwelo, ndi manja onjenjemera omwewo, mukanene ndi pakamwa, mapepala adzatsatira. Ine ndinawerenga masiku anga osamwa mosamala kwambiri, limodzi limodzi, ndipo sindinawerenge ndi limodzi lomwe la masiku amene a Joana anatsala nawo. Ndinachedwa ndi masiku khumi.

Ndathera pamenepa. Amene akudziwa kumene ayenera kupita, lole ya ku Bangula imanyamuka folo koloko.